Tsitsi la Mwana wa a Yunusu

Mu Lilongwe monse munalibe mutu umene anthu ankauyang'ana mobera ngati wa Mikaili. Tsitsi linali litatha miyezi isanu ndi inayi osaonana ndi sizasi, ndipo poti tsitsi lathuli silidziwa kugwa, linangokwera m'mwamba, bii, mpaka mnyamatayo ankaoneka wamtali kuposa msinkhu wake. Chonsecho ameneyu anali mwana wa ometa. Bambo ake, a Yunusu, ndiwo ankameta pakhonde la sitolo ya a Mansukh ku Old Town, kufupi ndi mzikiti, ndipo theka la amuna a m'tauni muno linadutsa m'manja mwawo.

Tsono a Yunusu anatengedwa. Linali Lachiwiri, mu Sepitembala 1976. Landirova inaima pakhondepo, anatsika anthu awiri, anadikira ndithu mwaulemu kuti amalize kumeta munthu amene anali pampando, kenako n'kuwauza kuti akwere. Chimene analakwa palibe anachidziwa. Ometa amacheza, ndi mbali ya ntchito yawo, ndipo masiku amenewo kungodandaula za kusowa kwa shuga kunkatha kukugonetsa kutali ukadandaulira munthu wolakwika. Anthu a pakhondepo anaweramitsa mitu, telala n'kumangopalasa makina ake.

Mkazi wawo, Immaculata, anayenda ofesi ndi ofesi mpaka nsapato zinatha chidendene. Kulikonse ankamuuza kuti dzina limenelo sakulidziwa. Mu Januwale kunabwera bambo wina wa taye kunyumba kwawo ku Mchesi atanyamula thumba la pepala. M'thumbamo munali jekete la a Yunusu. Bamboyo anakana mpando, analankhula ali chilili kuti mwini jeketeyo anadwala, anamwalira, ndipo anaikidwa kale.

"Musasonkhanitse anthu," anatero. "Kulira mokweza ayi. Nkhani yatha."

"Manda ali kuti?" anafunsa Immaculata.

Bamboyo anayang'ana wotchi yake n'kutuluka.

Apa ndiye mumvetse za tsitsi. Kwawo kwa Immaculata, ku Mitundu, munthu akamwalira abale ake sakhudza tsitsi kufikira mtembo utaikidwa. Akabwerako kumanda, pakapita masiku, amayala mphasa, amametana mpala, ndiye kuti womwalirayo amulola kuti azipita. Umenewo ndiwo m'meto. Immaculata anati mtembo sanauone, manda sanamuonetse, nanga amete chifukwa cha jekete? Tsitsi lake analisiya pansi pa duku osalikhudza. La Mikaili, limene poyamba linkangokula poti mnyamatayo sanametedwepo ndi dzanja lina chibadwire, tsopano linasanduka nkhani ina. Aliyense ku Old Town ankadziwa chimene tsitsilo linkanena, n'chifukwa chake ankaliyang'ana mobera. Ndipo pansi penipeni pa mtima, Immaculata ankati malinga ngati lumo silinadutse pamutu wa mwanayo, mwina tsiku lina munthu uja adzagogoda.

Mikaili anali Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera, kutsidya kwa mlatho. Ahedi ake, a Chimphonda, anali bambo wamfupi wa magalasi amene nawonso ankameta kwa a Yunusu. Miyezi yonseyi anachita ngati magalasiwo saona patali. Musawanene kuti anali oipa mtima, ayi, anali amantha basi, ngati tonsefe nthawi imeneyo. Koma mu Juni, kutatsala sabata imodzi kuti mayeso ayambe, inabwera kalata yoti akuluakulu adzafika kudzayendera tsiku loyamba la mayeso. Maso a a Chimphonda anachira tsiku lomwelo. Anamuitana Mikaili n'kumuuza kuti akapanda kumeta, m'chipinda cholembera mayeso sadzalowa.

Immaculata ankakolopa ndi kupanga tiyi mu ofesi ya loya wina ku City Centre, uko kumene nyumba zinkangomera m'tchire ngati bowa. Mu ofesimo munali Meena, mtsikana wachimwenye wotaipa makalata, wobadwira konkuno, amene Chichewa chake chinali chakuthwa kuposa cha anthu ena a ku Kawale. Abwana atapita kukadya kunyumba kwawo ku Area 12, Immaculata anaika kapu ya tiyi patebulo la Meena n'kuima pomwepo osachoka.

"Meena, m'mabuku onsewa, lamulo la tsitsi lili pati?"

Meena anayang'ana kukhomo kaye. Kenako anakwera pampando, anatsitsa buku lalikulu, anatembenuza masamba, n'kuwerenga chapansipansi akumasulira. Lamulolo linkati mwamuna akaima chilili, tsitsi lake lisalendewere kupitirira mzere wa pakamwa pake.

"Werenganinso."

Anawerenganso.

Immaculata anaseka, ndipo kanali koyamba kuseka chichokereni bambo wa taye uja. "Ndiye la mwana wanga lalakwa chiyani? Likupita kumwamba lija."

"Pa bukuli silinalakwe," anatero Meena. "Ndipo zoti sukulu ikhoza kumukaniza mwana mayeso chifukwa cha tsitsi, ine sindikuziona. Koma mayi, mukudziwa nokha kuti masiku ano buku ndi buku."

Anamutaipira mawuwo pakapepala kopanda dzina la ofesi, n'kumupempha kuti asadzatchule kumene anakatenga.

Lachisanu m'mawa Immaculata anavala chitenje chake cha ku tchalitchi n'kupita kusukulu ndi mwana wake. A Chimphonda atawaona pakhomo anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Khalani pansi, mayi."

"Zikomo, ahedi, ndiima. Mikaili, ima bwino."

Anatola rula patebulo la ahedi lomwelo, anaigoneka pakamwa pa mwana wake ngati mmisiri akuyeza khoma, n'kuizungulitsa mpaka kumbuyo kwa mutu. Pansi pa rulayo panalibe ngakhale katsitsi kamodzi, khosi lokhalokha. Kenako anaika kapepala ka Meena patsogolo pawo.

"Lamulo la boma ndi ili. Mwana wanga waliphwanya pati?"

A Chimphonda anawerenga nthawi yaitali kuposa mmene mizere itatu imafunira. "Ili ndi la boma, mayi. La sukulu ndi lina."

"Ndionetseni pamene linalembedwa."

"Si zonse zimalembedwa."

"Ndiye la sukulu ndi lalikulu kuposa la boma? Mukufuna ndikanene choncho kwa akuluakulu akubwerawo?"

Ahedi anadzuka, anakatseka chitseko, anabwerera, ndipo mawu awo anatsika. "Mayi a Mikaili, ine ndi inu tisanamizane. Anthu amenewo sadzabwera ndi rula. Adzaona mutu uwu, adzafunsa kuti ndi mwana wa yani, ndipo akadzamva dzinalo adzafunsa kuti ahedi ake ndani. Ndili ndi ana asanu ine. Mwamuna wanu ndinkamudziwa."

"Mumawadziwa," anatero Immaculata. "Musati munkawadziwa. Manda awo munawaona?"

A Chimphonda anayang'ana pawindo, kumene ana a Fomu 1 ankasesa masamba.

"Lolemba hafu seveni belu likulira," anatero potsiriza. "Akadzabwera ali chonchi, mpando wake udzakhala wopanda munthu. Ndipo mukudziwa kuti mwana wa dzina limeneli akaphonya chaka chino, malo obwereza sadzawapeza kulikonse."

Zimenezo zinali zoona, ndipo zinamupweteka Immaculata kuposa zonse. Mwanayu anali woyamba kumtundu kwawo kufika Fomu 4. A Yunusu ankauza munthu aliyense wokhala pampando wawo kuti mwana wawo sadzagwira sizasi, adzagwira cholembera. Immaculata anayang'ana rula imene inali m'manja mwake. Kenako anaibwezera patebulo bwinobwino.

"Ndiye mukulamula ndinu kuti amete?"

"Ndine."

"Lembani. Mudinde chidindo."

"Zachiyani zimenezo, mayi?"

"Mwati si zonse zimalembedwa. Ili lokha lilembeni, kuti ine ndikamameta ndidziwe kuti ndikumvera lamulo."

A Chimphonda anaona ngati mayi uja wagonja, mtima unakhala pansi, ndipo analemba msangamsanga kuti Mikaili Yunusu amete tsitsi lonse asanalowe mayeso, mwa lamulo la mphunzitsi wamkulu. Anasaina, anadinda. Immaculata anapinda pepalalo n'kulimanga pamfundo ya chitenje.

Vuto linatsala kunyumba. Mwana uja anali atatengera khosi la amake, ndipo tsopano linali litauma kuposa la mwini wake. Lamlungu masana anakhala pakhonde mabuku ali chitsekere.

"Sindimeta, amayi. Mayesowo akhale."

"Ulemba."

"Munanena nokha kuti sitimeta mpaka atationetsa manda."

"Ndinanena."

"Ndiye lero mwawaona?"

Immaculata anakhala pansi pambali pake. Anafuna kumukalipira, koma akanamukalipira bwanji mwana amene ankangobwereza mawu a amake? Analiyang'ana tsitsilo, ndipo kwa nthawi yoyamba analola maganizo amene ankawathawa chiyambire Januwale. Jekete lija linali ndi fungo limene mayi wolera ana amalidziwa, fungo la munthu amene wadwala nthawi yaitali popanda womusambitsa. Ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo. Anangosankha kusadziwa, ndipo mwana ndiye anasenza kusankhako pamutu miyezi yonseyi.

"Mikaili, bambo ako sabwera."

Mnyamatayo anatembenukira kukhoma.

"Anatilanda munthu, anatilanda mtembo, anatilanda maliro. Mayeso ako sindiwapatsa. Mawa ndikumeta ndekha ndi dzanja langa. Koma sindikumetera kuseri kwa bafa ngati taba nkhuku."

"Nanga kuti?"

"Kumene alamulako."

Madzulo omwewo, dzuwa likadalipo, anapita kwa mlamu wake Zubeida, mlongo wa a Yunusu, amene ankagulitsa mandasi pafupi ndi mzikiti. Zubeida anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu.

"Ife kwathu sitichita motero, alamu," anatero. "Koma mchimwene wanga sanasambitsidwe, sanavekedwe sanda, palibe anamuwerengera ngakhale duwa imodzi, pemphero lathu lija, pamanda. Ndibwera. Ndibweretsanso anzanga."

Lolemba kunazizira, kuzizira kwa Juni kouma kuja kong'amba milomo. Ana anali atafola kale pabwalo, a Fomu 4 kutsogolo ndi zolembera zawo m'manja. Galimoto ya akuluakulu inali itaima pansi pa mtengo, ndipo abambo awiri a masuti anali pakhonde la ofesi limodzi ndi ahedi. Ndiye pageti panalowa Immaculata, mphasa pamutu, Mikaili pambuyo pake, kenako Zubeida ndi beseni la madzi, ndi amayi ena anayi a mumsika. Anadutsa pakati pa mizere ya ana osapatsa moni munthu. Anayala mphasa kutsogolo kwa ofesi, amayi aja n'kukhala pansi atatambasula miyendo, mitu yoweramitsa. Mwana aliyense wa pabwalopo anali atapitapo kumaliro, ndipo kakhalidwe kameneko anakazindikira. Phokoso linatha lokha.

A Chimphonda anatsika masitepe mothamanga. "Mayi, n'chiyani chimenechi?"

"Mwalamula kuti amete. Tabwera kudzameta."

"Osati pano."

"Pepala lanu silinanene malo." Anamasula mfundo ya chitenje, anatambasula pepalalo, n'kulikweza kuti abambo a masuti aone chidindo. "Tsitsi ili ndi la maliro, ahedi. Kwathu silimetedwa chimetemete. Lili ndi kametedwe kake, ndipo ife tikumvera lamulo lanu mmene tidziwira."

Mmodzi wa a masutiwo anatenga pepalalo, anawerenga, anayang'ana ahedi. A Chimphonda akati aleke, ndiye kuti akutsutsa chidindo chawo pamaso pa akuluakulu. Akati apitirize, ndiye kuti alola maliro oletsedwa pabwalo la sukulu yawo. Anangoima pakati pa bwalo manja ali lende.

Mikaili anagwada pamphasa. Immaculata ananyowetsa tsitsi, analipaka sopo, anadula lalitalilo ndi sizasi, kenako anamasula lezala latsopano papepala lake. Asanayambe anaimirira n'kulankhula monga amachitira mwini maliro, mawu omveka mpaka mzere wa Fomu 1.

"Amene tikumumetera ndi Yunusu, mwana wa a Sefu, ometa a ku Old Town. Ambiri a inu bambo anu ankameta kwa iye. Anamwalira tsiku limene sitikulidziwa, anaikidwa malo amene sitikuwadziwa. Lero mwana wake akumulola kuti azipita."

Lezala linadutsa koyamba kuchokera pachipumi, njira yoyera n'kutseguka pakati pa mutu. Zubeida ndiye anayamba. Unali mfuu umene anausunga pakhosi miyezi isanu, ndipo utatuluka unakamveka mpaka kumsewu. Amayi aja anaulandira. Immaculata sanalire mokweza, poti munthu wogwira lezala pamutu pa mwana wake sayenera kutseka maso, koma misozi inkagwera pa mpala womwewo n'kusakanikirana ndi sopo. Kumizere ya atsikana ena anayamba kusisima, ndipo ndani akudziwa kuti ankalirira a Yunusu kapena awoawo amene nawonso analetsedwa kuwalira. Mphunzitsi wina wa masamu anavula chipewa. Hafu seveni inakwana, ndipo mwana woimba belu anayang'ana ahedi. Ahedi anayang'ana pansi, belu silinalire.

Atamaliza, mutu wa Mikaili unali wotuwa, waung'ono, ndi kabala kamodzi pamwamba pa khutu pamene dzanja linaterera. Anaoneka mwana kwambiri. Immaculata anamupukuta ndi nsonga ya chitenje, anamupatsa cholembera chimene anachisiya pamphasa.

"Pita ukalembe. Usasiye funso."

Mnyamatayo anaimirira, anayenda mpaka pamaso pa a Chimphonda, n'kuima njo.

"Ndilowe, ahedi?"

"Lowa," anatero a Chimphonda, mawu osamveka bwino. Kenako anakodola mwana wa belu.

A Fomu 4 atalowa, Immaculata anavula duku n'kugwada pomwe panagwada mwana wake, Zubeida n'kutenga lezala. Abambo a masuti sanalowe nawo m'chipinda cha mayeso. Mmodzi anatulutsa kabuku m'thumba n'kufunsa ahedi chinachake, ahedi n'kuyankha, iye n'kulemba. Immaculata anaona zonsezo ali chogwada ndipo sanasunthe mutu. Atatha anasonkhanitsa tsitsi lake ndi la mwana wake, analimanga m'kansalu, amayi aja anapinda mphasa, n'kutuluka pageti mmene analowera.

Pamlatho Immaculata anamugwira mkono mlamu wake. "Alamu, mapepala ndi a masabata atatu. Mukadzaona tsiku lina sindinabwereko kuntchito, mwanayo mumutenge agone kwanu. Muzimudzutsa faifi koloko, amagona ngati mwala. Asaphonye ngakhale limodzi."

"Valani duku, alamu," anatero Zubeida. "Zakwana."

"Sizinakwane. Anthu obwera kumaliro amadya. Ndikukagula nyemba."

Duku analipinda n'kulisunga m'manja. Anayenda choncho mutu uli mbee pakati pa Old Town, kudutsa masitolo, kudutsa pamene mabasi amaima. Ena anaoloka msewu atamuona. Ena anaima n'kugwira pakamwa. Mphepo inkamuluma pakhungu limene silinaonepo dzuwa kwa zaka zambiri, ndipo anali ndi mantha, koma sanafulumize mwendo.

Pageti la msika panali bambo wa malaya ofiira woona makhadi a chipani, poti masiku amenewo wopanda khadi sankagula ngakhale tomato. Immaculata anapereka lake. Bamboyo analiyang'ana, anakweza maso, anaona mpala watsopano ndi sopo wouma kuseri kwa khutu. Kaya anali wa malaya ofiira, anali ndithu mwana wa munthu, woleredwa pamudzi, ndipo pakamwa panathamanga mutu usanaganize.

"Pepani, mayi. Watisiya ndani?"

Pamzerepo panali anthu mwina makumi atatu, amayi a mabasiketi, akalaliki, anyamata a mawilibala. Immaculata anatembenuka pang'ono kuti onse amve.

"A Yunusu, ometa a pakhonde la a Mansukh. Amuna anga. Anawatenga pa Landirova mu Sepitembala."

Dzanja la bamboyo linauma khadi lili m'mwamba. Pepani anali atanena kale, anthu onse atamva, ndipo panalibe njira yomubwezera m'kamwa. Kumbuyo kwa mzere mayi wina wokalamba anati chapansipansi, "Pepani, anamfedwa." Wina anabwereza. Kenako wina.

Immaculata anasolola khadi lake pakati pa zala za bamboyo n'kulowa mumsika. Anafika pa benchi la nyemba, anagwira m'mphepete mwake ndi manja onse awiri, ndipo pamenepo ndi pamene analira mokweza.